Usiku wa ku Jerez ndi funso limene ndinanyamula kuchokera ku Manchester

Kwa zaka zitatu ndakhala ndikuphunzira kuimba gitala ya flamenco, nyimbo ndi gule wa ku Spain, mumzinda wa Manchester kumene ndimagwira ntchito, ndipo Lachinayi lililonse madzulo timakumana anthu pafupifupi 12 m'kachipinda ka pamwamba pa nyumba ina yodyeramo. M'gulu lathu muli Angerezi angapo, mayi wina wa ku Poland, mnyamata wa ku Turkey, ndiye pali ine Mmalawi, ndipo tonse timacheza m'Chingerezi. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti mumzindamo muli anthu ambiri a ku Spain, ena timakwera nawo basi, ena amatigulitsa khofi, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako kawiri. Wina anabwera tsiku lina, anatimvetsera tikukangana za kasamalidwe ka zikhadabo kuti zisathyoke pokhwatcha zingwe, anamwetulira mwaulemu, kenako anatsanzika osadzaonekanso. Anzanga ena ankati anthuwa ndi odzimva, ena ankati vuto ndi Chingerezi basi, koma ine mayankho onsewa sanandikhutiritse, ndipo popeza safunsa anadya phula, ndinaganiza zokafunsa kwa eni ake.

Kumapeto kwa Febuluwale ndinatenga tchuthi cha masiku 8, ndinakwera ndege yopita ku Sevilla, kenako sitima kuchokera pa siteshoni ya Santa Justa mpaka ku Jerez de la Frontera, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Jerez ndi mzinda wa anthu opitirira 200,000 m'chigawo cha Cádiz, kummwera kwa Spain, ndipo ukamayenda m'tinjira take topapatiza fungo la vinyo wa sherry limakupeza kuchokera m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo migolo. Ndinasankha nthawi imeneyi dala chifukwa ndi pamene pamachitika Festival de Jerez, chikondwerero cha flamenco chimene chinayamba mu 1997 ndipo likulu lake ndi holo ya Teatro Villamarta. Masana m'misewu munkadzaza alendo onyamula tizikwama ta nsapato zovinira, ambiri mwa iwo azimayi a ku Japan, ku Germany ndi ku America, akuthamangira ku maphunziro awo, ndipo m'malo omwera khofi ozungulira holoyo ndinkamva Chingerezi chochuluka ngati sindinachoke ku Manchester.

Ndinafikira kwa mayi wina wachikulire m'dera la San Miguel, pafupi ndi pamene pali chipilala cha Lola Flores, woimba ndi wovina wotchuka amene anabadwira mumzindawu. Mayiwo sadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi, ndipo Chisipanishi changa chinali chongokwanira kupempha madzi, choncho anaitana mwana wa mchemwali wawo kuti atithandize kumvana. Mnyamatayu anakhala zaka zinayi ku England akutsuka mbale ndi kuperekera zakudya, monga anachitira achinyamata ambiri a ku Spain chuma cha dziko lawo chitasokonekera mu 2008, ndiye Chingerezi amachilankhula bwino lomwe. Tsiku lachiwiri anayamba kunditchula kuti primo, kutanthauza msuweni, mmene anthu a kumeneko amaitanirana akazolowerana. Nditamufotokozera za gulu lathu la Lachinayi ndi funso langa, anaseka mpaka kutsokomola.

"Msuweni, kodi ukuganiza kuti aliyense wa ku Spain amakonda flamenco?" anandifunsa. Anandikumbutsa kuti nyimbozi kwawo ndi ku Andalucía, kummwera kwa dzikolo, makamaka kachigawo ka pakati pa Sevilla, Jerez ndi Cádiz, pamene munthu wa ku Galicia anakula ndi chitoliro cha gaita, wa ku Aragón ndi gule wa jota, wa ku Catalunya ndi sardana. Anawonjezera kuti mu ulamuliro wankhanza wa Franco ku Spain, umene unatha mu 1975, boma linkagwiritsa ntchito chithunzi cha mkazi wovina atavala diresi la madontho pokopa alendo, moti anthu ambiri ophunzira anakula akuona flamenco ngati chinthu chogulitsira azungu a kumpoto. Ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa ndikudziwa mmene mnzanga wa ku Karonga amanyansidwira mzungu akamufunsa za Gule Wamkulu pongomva kuti ndi Mmalawi. Mwina mtsikana amene amandigulitsa khofi ku Manchester ndi wa ku Bilbao, kumpoto kwa Spain, ndipo bulería, mtundu wina wa nyimbo za flamenco, amaidziwa mofanana ndi mmene ine ndimadziwira nyimbo za ku Mongolia.

Komabe yankho limeneli linangochotsa theka la funso. Nanga iye mwini, amene anabadwira ku San Miguel, amene agogo ake ankaimba pa maukwati, amene Chingerezi sichimuvuta, bwanji sanalowepo m'gulu ngati lathu zaka zonse zimene anali ku England? Sanandiyankhe pomwepo. Anangoti tionana usiku.

Anandipititsa ku peña ina m'dera la Santiago. Peña ndi kalabu ya anthu okonda flamenco, imene mamembala ake amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti azilipira nyumba ndi oimba, ndipo masiku ambiri mlendo amalowa osalipira kanthu. Chipindacho chinali chaching'ono, makoma atadzaza zithunzi za oimba akale, ndipo kutsogolo kunali mipando iwiri yolukidwa ndi mlulu. Anatiuza kuti ayamba hafu pasiti teni, koma anayamba cha m'ma 12 koloko usiku, anthu akumwa vinyo wa fino m'timatambula tating'ono, ana akuthamangathamanga pakati pa mipando ngati kulibe sukulu mawa. Kenako bambo wina wachikulire wovala jekete lakuda anakhala pa mpando umodzi, mnyamata wa gitala pa winawo, ndipo phokoso lonse linazima.

Bamboyo anayamba ndi seguiriya, imene ili m'gulu la nyimbo zolemera kwambiri za flamenco, zonena za imfa, ndende ndi umasiye. Anatseka maso, anatambasula dzanja limodzi ngati akupempha kanthu, ndipo anakoka liwu limodzi lokha, "ay", kwa nthawi yaitali mpaka mitsempha ya m'khosi inatupa. Ine maso anga anali pa zala za mnyamata wa gitala, monga ndinazolowerera, koma posakhalitsa ndinazindikira kuti m'chipinda chonsecho ndinali ndekha woyang'ana kumeneko. Ngakhale mnyamata wa gitalayo sankayang'ana zala zake, ankayang'anitsitsa pakamwa pa bamboyo, akudikira pamene apumire kuti amuyankhe ndi kamawu kamodzi kapena kawiri, osapitirira apo. Anthu ankati "ole" chapansipansi pa malo amene ine sindinkamvapo chachilendo chilichonse, ndipo mayi wina pafupi nane anapukuta misozi pa mzere umene kwa ine unangomveka ngati kubuula.

Ndinanong'oneza msuweni wanga uja kuti andimasulire. Anayesa mzere woyamba, anayesa wachiwiri, kenako anapukusa mutu nati m'Chingerezi zikumveka ngati mawu a pa khadi la chipepeso. Pambuyo pake anandifotokozera kuti vesi la flamenco limakhala ndi mizere itatu kapena inayi yokha, yaifupi, ndipo mphamvu yake ili m'katchulidwe ka ku Andalucía kamene kamameza zilembo, n'chifukwa chake woimba amatchedwa cantaor osati cantador, wovina bailaor osati bailador. Muli mawu enanso a caló, chilankhulo cha Agitano, anthu a mtundu wa Aromani amene anafika ku Spain m'zaka za m'ma 1400, monga duquelas, kutanthauza masautso, ndi Undebel, kutanthauza Mulungu, moti ngakhale munthu wa ku Madrid nthawi zina amasochera. Ndili chikhalire pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene sindinachiganizirepo m'zaka zitatu zonse, chakuti m'gulu lathu la ku Manchester simunakhalepo woimba ndi pakamwa ngakhale tsiku limodzi. Tonse ndife a magitala ndi ovina awiri.

Apa ndi pamene ndinayamba kuona mmene mbiri inayendera. Alendo amalowa mu flamenco kudzera pa khomo la gitala kapena la gule, chifukwa zala ndi mapazi munthu angathe kutsanzira popanda kumva chilankhulo. M'zaka za m'ma 1960 achinyamata a ku America ankapita ku tauni ya Morón de la Frontera kukakhala pa mapazi a Diego del Gastor, woimba gitala amene anamwalira mu 1973, ndipo anabwerera kwawo ndi matepi ndi kaimbidwe kake. Kenako Paco de Lucía, wa ku Algeciras, anazungulira dziko lonse ndi gitala yake, ndipo ambiri a ife, kuphatikizapo ine, tinayamba chifukwa cha iyeyo. Zotsatira zake n'zakuti macheza a flamenco a m'Chingerezi amazungulira pa zimene zingakambidwe popanda mawu a nyimbo: ngati gitala yoyera ya mtengo wa ciprés ikuposa yakuda ya palo santo, mtundu wa zingwe, liwiro la picado (kukhwatcha zingwe mosinthanitsa zala ziwiri), ndi zikhadabo zathu zija. Sindikunyoza zimenezi, pakuti inenso ndimazikonda, koma kwa munthu amene anakula akudziwa kuti gitala ndi wantchito wa woimba, macheza otere ali ngati anthu okambirana za mbale ndi chipande usiku wonse nsima osaitchula.

Tsiku lotsatira ndinamvetsera macheza a eni ake mu tabanco ina, malo akale ogulitsira vinyo wa m'migolo. Abambo atatu anakangana ola lathunthu, msuweni akunditolera zimene akanatha. Sanatchulepo mtengo wa gitala. Ankakangana ngati bulería ya ku Santiago ikuposa ya ku San Miguel, ngati pali wina wa masiku ano amene angafike pa oimba otchuka akale monga Terremoto kapena La Paquera de Jerez, ndiponso kuti vesi lakutilakuti linachokera kwa agogo a ndani. Maina a mabanja monga Morao, Sordera ndi Agujetas ankatuluka ngati mmene ife timatchulira mafumu a kumudzi, ndipo mfundo iliyonse ankaitsimikizira poimba kamzere n'kugogoda tebulo ndi nkhonya. Mkangano wotere suchoka pa tebulo limenelo n'kukalowa m'chilankhulo china, chifukwa umboni wake ndi mawu a munthu amene wakhala patsogolo pako.

Ndinakayenderanso Centro Andaluz de Documentación del Flamenco, m'nyumba yakale ya Palacio Pemartín pa Plaza San Juan, kumene amasungako mabuku, zimbale ndi mafilimu. Pafupifupi zonse zimene ndinatsegula zinali m'Chisipanishi, ndipo palibe chodabwitsa, popeza chilankhulochi ndi chobadwa nacho cha anthu pafupifupi 500 miliyoni. Ife Amalawi tinazolowera kuti nkhani ikakula imasamukira m'Chingerezi, mwina n'chifukwa chake ndinkaganiza kuti wofuna kukamba za flamenco mozama adzabwera kwa ife. Munthu wa ku Jerez ali ndi mawailesi, manyuzipepala, akatswiri a ku yunivesite ndi azakhali ake omwe, onse okamba za nkhaniyi m'chilankhulo chake. Ngakhale pamene UNESCO inaika flamenco pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, pa msonkhano wa ku Nairobi pa 16 Novembala 2010, kayendetsedwe ka peña ya ku Santiago sikanasinthe.

Palinso nkhani ya ndalama, imene msuweni anaitchula mosabisa. Kwa oimba ndi ovina ambiri a mumzindawu, kufotokozera alendo flamenco ndi ntchito ya masana yolipidwa, imene imadyetsa ana, ndiye n'kovuta kuyembekezera kuti madzulo akapitirize kufotokoza kwaulere m'chilankhulo chimene chimawalemera pa lilime. Anandiuzanso, akuseka koma mokhudzidwa, kuti ali ku England anakumanapo ndi mzungu amene anamukonza pa dzina la nyimbo imene agogo ake ankamugoneka nayo, ndipo kuchokera tsiku limenelo anthu akamufunsa za flamenco ankangoti iye amakonda mpira.

Zoti anthu a ku Spain ndi odzimva ndinazikana usiku wanga womaliza ku peña kuja. Munalowa mayi wina wa ku Japan, ndipo agogo a m'chipindamo anaimirira kumupsompsona masaya onse awiri, iye akuwayankha m'Chisipanishi chomeza zilembo ngati wobadwira kuseri kwa tchalitchi cha Santiago. Itafika nthawi yotsekera ndi bulería, anthu anapanga bwalo, ndipo mayiyo anavina kanthawi kochepa atavala nsapato wamba, kenako anatsatira agogo ena onenepa amene anangokweza m'mphepete mwa siketi n'kugwedeza phewa kamodzi, chipinda chonse n'kufuula. Ine ndinalowa nawo powomba m'manja, ndikuwerenga chamumtima kugunda 12 kwa compás, ndiye kuti kayendedwe ka nyimboyo, monga tinaphunzirira, koma milomo inandiulula. Mayi wachikulire amene anali kumanja kwanga anandigwira pamkono mofatsa, nafunsa kudzera mwa msuweni kuti, "Mwana wanga, ukupemphera kapena ukuwerenga ndalama?" Kenako anaika dzanja langa pa bondo lawo kuti ndimve mmene phazi lawo likugundira, ndipo sanandilole kuwombanso mpaka nyimbo itatha.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinapempha mayi a nyumba aja kuti andilembere mawu a soleá, mtundu winanso wa nyimbo za flamenco, imene ankaing'ung'udza potsuka mbale. Anati kulemba sangathe chifukwa magalasi awo anasweka, choncho anandikhazika pa tebulo la kukhitchini, anandipatsa pensulo ndi envulopu yakale ya bilu ya magetsi, nayamba kunditchulira liwu ndi liwu akugogoda tebulo ndi zala. Pamene ndinalemba chilembo cha d chimene iwo sanatchule, anandilanda pensulo n'kuchifufuta okha. Envulopuyo ili m'chikwama cha gitala yanga, ndipo Lolemba lililonse madzulo tsopano ndimapita ku kalasi ya Chisipanishi, kumene mphunzitsi wathu, wa ku Valladolid, kutali ndi Andalucía, amandibwezera d yemweyo ndi inki yofiira.