Zimene Ndaphunzira pa Ndere Zodzaza Magombe

Titayamba phunziro la kuwonongeka kwa madzi a m'mphepete mwa nyanja zamchere, ndinkayembekeza kumva za mafuta otayika m'sitima ndi mapulasitiki. Tinachedwa kwambiri pa chinthu china, chomwe ndi chakudya cha zomera, makamaka nayitirojeni ndi fosifolasi. Mvula ikakokolola feteleza ndi ndowe za ziweto, komanso madzi a m'zimbudzi za m'mizinda akatsikira m'mitsinje asanayeretsedwe mokwanira, zonsezi zimakathera kunyanja, kumene ndere zimazilandira n'kuyamba kukula mosaletseka.

Mtundu womwe unandikhala m'mutu ndi Ulva. Tsamba lake lobiriwira ndi lopyapyala kwambiri moti kuwala kumadutsa, ndipo pa mitundu yake yambiri lili ndi mizere iwiri yokha ya maselo, kotero kuti selo lililonse limakhudzana ndi madzi n'kumayamwa chakudya mwachangu. N'chifukwa chake imapambana udzu wa pansi pa nyanja, womwe umakula pang'onopang'ono: imauphimba, n'kuumana dzuwa, ndipo tinsomba timataya pobisala. Ndere zikafa, mabakiteriya oziwoletsa amamaliza okosijeni m'madzi. Nsomba zazikulu zimathawa, koma nkhono ndi tizilombo tina ta m'matope timafera pomwepo.

Chomwe chinandiopsa ndi zimene zimachitika kumtunda. Mafunde akaunjika ndere pamchenga, pamwamba pake pamauma n'kuyera ngati chikopa, pomwe pansi pakuwola n'kumasunga mpweya wapoizoni wa hydrogen sulfide, wonunkha ngati mazira ovunda. Mu 2009 ku Saint-Michel-en-Grève, m'chigawo cha Brittany ku France, hatchi inatitimira m'matope otere n'kufa, ndipo wokwerapo anakomoka. Chigawochi chimaweta nkhumba zochuluka zedi, ndipo nayitirojeni wa m'ndowe zake ndi m'feteleza amafika m'magombe osaya, momwe madzi sasinthana msanga ndi a nyanja yaikulu. Ku Qingdao ku China nako, mu 2008, anthu oposa 10,000 anagwira ntchito yochotsa ndere kuti mpikisano wa mabwato wa Olimpiki utheke.

Poyamba ndinkaona ngati kukokola ndere ndi mathirakitala ndiko kuthetsa vuto. Tsopano ndikuona kuti ntchitoyi imateteza anthu oyenda pagombe, ndipo ndi yofunika, koma gwero limakhala likadalipo kumtunda kwa mtsinje. Mbali yomwe yandivuta kuivomereza ndi ya nthawi. Nayitirojeni wolowa m'nthaka amatha kutenga zaka zambiri akuyenda ndi madzi a pansi asanatulukire mumtsinje, choncho mlimi amene wachepetsa feteleza chaka chino angaonebe gombe litabiriwira kwa zaka zingapo, n'kuganiza kuti anadzimana pachabe. Zimenezi zimandikhudza mtima, chifukwa munthu wotereyu akuyenera kuuzidwa zoona zake kuyambira pachiyambi. Sabata yamawa ndikufuna kuwerenga za madambo ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, kuti ndimvetse kuchuluka kwa nayitirojeni amene imatha kugwira madzi asanafike kunyanja.