Panna cotta ya kokonati ndi fungo la maluwa

Abale, pa zotsekemera zonse za ku Italy, mtima wanga uli pa panna cotta. Kwawo ndi ku Piemonte, kumpoto kwa dzikolo, ndipo siifuna mazira kapena uvuni.

Lero ndasakaniza mamililita 250 a kirimu ndi 250 a mkaka wa kokonati, n'kuthiramo masupuni atatu a shuga. Gelatin (ufa wothandiza kuti zamadzimadzi zigwirane), timasupuni tiwiri, muyambe mwamunyika m'madzi ozizira kwa mphindi 5 kuti afufume. Mkakawo utenthe mpaka nthunzi iyambe kutuluka, koma usawire ayi. Mukauphula m'pamene muthire gelatin uja n'kutakasa mpaka asungunuke yense.

Fungo la maluwa lija lichokera ku madzi a rozi, madzi onunkhira maluwa a rozi othira m'zakudya, koma pothira ndiye samalani, chonde. Theka la kasupuni ndi lokwana. Mukachulutsa, fungo la maluwa limakwirira kokonati yense, mkamwa n'kumamveka ngati sopo.

Thirani m'timakapu, muike m'firiji kwa maola osachepera 4. Ikagwira bwino imanjenjemera pang'ono mukagwedeza kapu, supuni n'kungolowa fwaa. Ambiri amaikapo sitiroberi, koma ine ndimakonda mango wakupsa ndi kokonati wopala wokazinga pang'ono pamwamba.

Alipo anayesapo ndi maluwa onunkhira a lavender? Ndiuzeni mmene inakomera.