Mmene ndimakonzera mapulani a munda wa sola wa 20 MW wokhala ndi mabatire pa malo olima

Munthu akabwera kudzandiuza kuti wapeza malo aakulu, athyathyathya, ndipo akufuna kuikapo sola ya 20 MW (mamegawati 20), za malowo ndimayamba ndaziika pambali. Ndimafunsa kaye kuti sabusiteshoni ya ESCOM, malo a mathiransifoma pomwe nthambo zikuluzikulu zimakumana, ili pa mtunda wa makilomita angati, komanso ili ndi mpata wolandira magetsi ochuluka bwanji. Dzuwa kuno kwathu lilipo lokwanira pafupifupi paliponse, mayunitsi 5 mpaka 6 pa sikweya mita patsiku m'madera ambiri. Chosowa ndi polumikizira. N'chifukwa chake munda wa 60 MW wa ku Salima, umene unayamba kupereka magetsi mu 2021, uli kufupi ndi sabusiteshoni ya Nanjoka, ndipo wa 20 MW wa ku Golomoti ku Dedza, wa mu 2022, anaumanga moyandikana ndi sabusiteshoni ya Golomoti.

Ndimalembera ESCOM kupempha kafukufuku wa polumikizira. Akatswiri amaika munda wanga m'kompyuta pamodzi ndi nthambo zonse za dziko, n'kuona zinthu zingapo: ngati thiransifoma ya pamalopo ingasenze 20 MW masana pamene anthu a m'deralo akugwiritsa ntchito magetsi ochepa, ngati volteji ikwera kupyola malire, komanso chomwe chingachitike nthambo imodzi ikaduka. Nthambo imodzi ya 33 kV (mavoti 33,000) ikamafika cha m'ma 20 MW imakhala ili pamapeto pa mphamvu zake, makamaka ikatalika. Kupyola apo mpofunika 132 kV, ndipo mtengo umadumpha chifukwa pamafunika thiransifoma yaikulu ndi chipata chatsopano pa sabusiteshoni. Kilomita iliyonse ya nthambo imabweranso ndi eni minda ena oti muwalipire. Malo akakhala kutali kupyola makilomita 10, kawirikawiri ndimawasiya, angakhale abwino bwanji.

Mpata ukapezeka, m'pamene ndimawerengera malo. Kuti ndipereke 20 MW pa nthambo, mapanelo ndimaika a 26 MW, chifukwa panelo sifika pa nambala yolembedwa kumsana kwake ikatenthedwa. Nambala imeneyo amayeza pa madigiri 25, koma galasi la panelo mu Okutobala kunyanja limafika madigiri 60, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imadya pafupifupi 0.3 peresenti. Ndi mapanelo a 580 W, ndiye kuti ndikufuna pafupifupi 45,000. Ndikawaika pa ma tracker, zitsulo zotembenuza mapanelo kutsatira dzuwa kuchokera kummawa kupita kumadzulo, mizere iyenera kutalikirana mamita 5 mpaka 6 kuti isaphimbane ndi mthunzi. Kuphatikizapo misewu, ngalande, malo a mabatire ndi mpanda, ndimafuna mahekitala pafupifupi 50, omwe ndi maekala 124.

Maekala 124 pa malo a makolo si malo opanda mwini. Ngati banja lililonse limalima ekala imodzi ndi theka, ndikukamba ndi mabanja oposa 80, ndipo gawo limeneli ndi lomwe limatenga nthawi kuposa china chilichonse.

Ndimayambira kwa bwanamkubwa wa boma ndi ofesi ya za malo, kenako kwa T/A, kwa gulupu, kwa nyakwawa, n'kufika kwa eni minda pamsonkhano wa poyera. Kulumpha sitepe imodzi kumabwezera ntchito mmbuyo miyezi. Koma chilolezo cha mfumu si chilolezo cha mwini munda. Malamulo a za malo a 2016, makamaka Customary Land Act, amazindikira ufulu wa wolima pa malo ake, ndipo mabanki akunja obwereketsa ndalama amatsatira ndondomeko ya IFC, nthambi ya Banki ya Dziko Lonse yobwereketsa ndalama ku makampani, yotchedwa Performance Standard 5, yomwe imafuna kuti wochotsedwa pamalo moyo wake usatsike. Choncho munda uliwonse timauyeza ndi GPS, mwini wake ali pomwepo, oyandikana naye mbali zonse ali pomwepo, ndipo onse amasayina kapena kudinda chala. Mzere wa chinangwa kapena chulu chomwe chinali malire kwa zaka makumi atatu chimasanduka mlandu tsiku lomwe ndalama zatchulidwa.

Chimene chimalakwika kwambiri m'madera a chikamwini ndi dzina lolembedwa pa fomu. Pamsonkhano amaimirira ndi bambo, kalaliki n'kulemba dzina lake, chonsecho mundawo ndi wa mkazi wake ndi mbumba yawo. Ndalama zikalowa ku akaunti ya mkamwini, mwinimbumba amabwera patapita mwezi kudzaimitsa ntchito, ndipo amakhala akunena zoona. Ine funso langa pa munda uliwonse limakhala lakuti, "Mundawu unachokera kwa yani?" Likayankhidwa, ndimalemba mayina a onse awiri, ndipo amayi ndimakumana nawo pamsonkhano wawo wawo, abambo palibe. Ndimalembanso obwereka minda, chifukwa iwowo chipukutamisozi cha nthaka sichiwafika koma chakudya chawo chimachokera pomwepo.

Tsiku lotsekera kalembera liyenera kulengezedwa poyera, kumatchalitchi, kumizikiti ndi pamsika, ndipo tsiku lomwelo timajambula malo onse ndi drone. Popanda zimenezi mupeza mbande za mango ndi zisakasa zatsopano zitamera usiku umodzi. Mitengo timawerenga umodzi umodzi, mtundu ndi msinkhu wake, pakuti mango wobereka salipiridwa ngati bulugamu. Manda ndi dambwe sindizisuntha. Ndimakhotetsa mpanda n'kusiya njira yofikirako, ngakhale nditaye mizere ingapo ya mapanelo. Chimodzimodzi njira ya ng'ombe yopita kumadzi ndi njira ya ana a sukulu. Ndalama zilipiridwe anthu asanachoke, ndipo malo atengedwe atakolola, mu Meyi kapena Juni, kuti akhale ndi miyezi yopezera munda wina mvula isanagwe. Kulipira ndalama zokha n'koopsa, chifukwa zimatha m'chaka chimodzi pamene munda umadyetsa banja chaka ndi chaka. Pomwe pali kuthekera ndimakakamira kuti papezeke malo ena olowa m'malo. Dimba ndi nthaka yabwino ya m'mbali mwa mtsinje ndimazipewa kuyambira pachiyambi, n'kusankha malo ouma omwe chimanga chimachita movutikira.

Nthawi yomweyo kafukufuku wa zachilengedwe amakhala akuyenda. Timapereka chikalata chofotokoza ntchitoyo ku MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, iwo amatiuza zoti kafukufukuyu, wotchedwa ESIA, afufuze, ndipo satifiketi yawo ndi yomwe imatsegula zitseko zina: laisensi yopangira magetsi ku MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta), lizi ya malo ku unduna wa za malo, chilolezo chomangira ku khonsolo, ndi chilolezo cha mjigo ku National Water Resources Authority. Kampani yakunja imadzeranso ku MITC, bungwe la boma lolandira obwera kudzayambitsa mabizinesi.

Pamalopo ndimaimika kasiteshoni koyeza dzuwa, mphepo, kutentha ndi fumbi kwa miyezi 12 yathunthu. Manambala a pa Global Solar Atlas, mapu a pa intaneti osonyeza mphamvu ya dzuwa, ndi abwino poyambira, koma satelayiti siona bwino utsi wa moto wolusa wa Ogasiti mpaka Okutobala, kapena fumbi lomwe limamatira pa galasi. Munda wa kukula kotere ndimauyembekezera mayunitsi pafupifupi 49 miliyoni pachaka, ndipo kuphonya ndi 5 peresenti yokha n'kokwanira kuti ngongole isamabwezedwe pa nthawi yake. Ndimachotseratu pafupifupi 0.5 peresenti chaka chilichonse ya kukalamba kwa mapanelo.

Nthaka nayo iyesedwe m'nyengo zonse ziwiri. Dothi la makande, lofala m'zigwa za kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire, limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma, ndipo limatha kukankhira mmwamba chitsulo chokhomedwa mosazama. Tracker ikapendekeka masentimita ochepa okha, mota yake imavutika mpaka kupsa. Timakhoma zitsulo zoyesera pa malo osiyanasiyana, kuya mita 1.5 mpaka 2.5, n'kuzikoka ndi jeke kuti tione mphamvu yomwe zimazukira. Kuyesa kwa mu Seputembala kokha kumanamiza, mpofunika kubwereza mu Febuluwale. Za madzi osefukira ndimafunsa makompyuta komanso agogo a m'mudzimo, chifukwa iwo amakulozerani pa tsinde la mtengo pomwe madzi anafika chaka cha mvula yoopsa. Ma invata, makina osintha magetsi a mapanelo kuti akhale oyenera kulowa pa nthambo, ndi makontena a mabatire ndimawakweza theka la mita pamwamba pa mzere umenewo. Udzu wa pansi sindilola kuti ukankhidwe ndi giredala malo onse. Nthaka yovulidwa imakokoloka mvula yoyamba, ndipo m'chilimwe imakhala gwero la fumbi lomwe lidetse mapanelo anu omwe.

Pali kawerengedwe kakang'ono komwe ambiri amaphonya. Mapanelo timawalumikiza mondondozana mpaka malire a 1,500 V. Panelo ya 580 W imatulutsa cha m'ma 52 V isanasenze katundu, ndiye wina amagawa n'kupeza 28. Koma mmawa wa mu Juni, kutazizira madigiri 8, volteji imakwera kufika cha m'ma 54.2 V, ndipo mapanelo 28 amapereka pafupifupi 1,518 V, kupyola malire a invata. Ndimaika 27.

Tsopano mabatire. Funso loyamba si kukula kwake, koma ntchito yomwe ndikuwagulira, pakuti ntchito zake ndi ziwiri zosiyana mtengo kwambiri. Yoyamba ndi kugwiriza magetsi mtambo ukadutsa. Munda wa 20 MW ungathe kutaya kupyola theka la mphamvu zake m'mphindi imodzi, ndipo pa nthambo za dziko lomwe magetsi ake onse ndi ma MW mazana ochepa, ambiri ochokera pa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kugwa kotere kumagwedeza 50 Hz, kugunda kokhazikika komwe magetsi a pa nthambo ayenera kukhala nako, makina a madzi asanayankhe. Batire imadzaza dzenjelo m'kamphindi kosakwana sekondi. Pa ntchito imeneyi batire ya ngati ya ku Golomoti, 5 MW ndi 10 MWh, kutanthauza maola awiri ikugwira mwamphamvu zonse, ndi yoyenera.

Yachiwiri ndi kusunga magetsi a masana kuti agulitsidwe madzulo, kuyambira cha m'ma 5 koloko, pamene anthu akuphika ndi kuyatsa magetsi dzuwa litalowa. Tinene kuti ndalonjeza 10 MW kwa maola 4. Amenewo ndi 40 MWh otuluka. Sindingagule batire ya 40 MWh, chifukwa siyenera kukhuthulidwa mpaka pansi, ena amatayika mu invata ndi thiransifoma, ndipo imachepa mphamvu chaka ndi chaka. Ndimagula 48 mpaka 50 MWh, makontena a mafiti 20 okwana 10 mpaka 14 malinga ndi mtundu wake, ndipo ndimasiya maziko ndi mapaipi a mawaya oti ndidzawonjezere ena pakadutsa zaka zingapo. Kuti nditulutse 40 MWh ndiyenera kulowetsa pafupifupi 46, gawo limodzi mwa atatu a zomwe mundawo umapanga patsiku. Tsiku la mitambo mu Januwale sizikwana, choncho mgwirizano unene momveka chomwe chichitike tsiku lotero.

Ndimasankha mabatire a lithium a mtundu wa LFP chifukwa amapirira kutentha bwino poyerekeza ndi mitundu ina ya lithium, komabe mkati mwake muyenera kukhala madigiri 20 mpaka 25. Makina oziziritsa amadya magetsi usana ndi usiku, ndipo akaima masiku angapo mu Novembala, walanti, chitsimikizo cha wopanga mabatirewo, ingathe kutha. Makontena atalikirane mamita osachepera 3, pakhale zonunkhiza gasi ndi utsi, thanki ya madzi, ndi msewu woti galimoto yozimitsa moto izungulire mbali zonse. Ndimaganiza ngati ozimitsa moto sadzafika msanga, chifukwa minda yotereyi imakhala kutali ndi tauni.

Zonsezi zimakathera mu PPA, mgwirizano wogulitsira magetsi, womwe kawirikawiri umakhala wa zaka 20 ndipo mtengo wake amavomereza ndi MERA. Ndimayang'anitsitsa zinthu zitatu. Ngati ESCOM yalephera kulandira magetsi chifukwa nthambo yawo yagwa, kodi omwe ndikanapanga alipiridwa? Batire ilipiridwa pa yunitsi yotuluka kapena pa kupezeka kwake, ndipo woilamula kuti itulutse ndani? Mukalola kuti iyendetsedwe kawiri patsiku pomwe walanti imalola kamodzi, yovulala ndi thumba lanu. Chachitatu ndi ndalama yakunja: ngongole ndi ya madola, malipiro amabwera m'makwacha, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo umangiriridwe ku dola, ndipo pakhale dongosolo la mmene makwachawo asinthidwire. Banki siitulutsa ndalama zimenezi zisanamveke.

Katundu amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Mapanelo 45,000 ndi makontena a mafiti 40 okwana 65 kapena kuposerapo. Kontena ya batire imalemera matani oposa 35, motero imafuna chilolezo cha katundu wolemera mopyola muyezo, ndipo milatho ndi makalavati a msewu wafumbi wolowera pamalopo ndimawayendera ndekha ndisanaitanitse. Za msonkho ndimamaliza ndi MRA katundu asananyamuke, chifukwa batire yokhala padzuwa pa chipata cha Mwanza kapena Dedza kwa masabata ambiri yosazizira imafika itawonongeka kale. Kukhoma zitsulo ndimayamba mu Epulo kapena Meyi kuti ngalande za mawaya zikwiriridwe mvula isanayambe. Kumanga kumatenga pafupifupi chaka. Mapepala ndi za malo, zaka ziwiri mpaka zinayi.

Pa mapulani ndimaikiratu za tsiku ndi tsiku. Kutsuka kamodzi, pa malita awiri panelo imodzi, ndi malita 90,000, ndipo madzi a mjigo akakhala amchere amasiya zipsera zoyera pa galasi, ndiye ayesedwe kaye. Mjigo umenewo usalimbirane madzi ndi wa m'mudzi. Kunja kwa mpanda ndimalambula njira yotchinga moto ya mamita 10, yopalidwa chaka chilichonse mwezi wa Julayi usanathe, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire. Mawaya a kopa amakopa akuba, choncho pomwe zingatheke ndimaika a aluminiyamu, ndipo alonda ndi otchetcha ndimalemba ochokera m'mabanja omwe anapereka minda. Udzu wa pansi pa mapanelo ungadyedwe ndi nkhosa za m'mudzimo pa mgwirizano wolembedwa, bola mawaya amangidwe mmwamba ndi m'mapaipi. Mbuzi ayi: zimakwera pa mapanelo ndipo zimatafuna mawaya.