Maboma ena akuthawa Windows, ife tikadali kulipira mu madola

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, akuti aliyense akwere pa Windows 11. Koma Windows 11 imafuna kachipu kena kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, ndiye makompyuta ambiri amene ali m'maofesi mwathumu, aja akaunjika ogula ku Limbe kapena obwera ndi ma donor kalekale, sangakwere ayi. Akuyaka bwinobwino, akulemba makalata, akuprinta, koma anthu ena ali ku Redmond uko, kulikulu la Microsoft ku America, agamula kuti akalamba. Ku Capital Hill palibe amene anafunsidwa.

Maboma ena zimenezi atopa nazo. Chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany chinalengeza mu 2024 kuti makompyuta ake a boma pafupifupi 30,000 achoka pa Microsoft Office kupita pa LibreOffice, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati Office yomweyo, kenako Windows nayo ichoke kulowe Linux, sisitimu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ku Denmark unduna woona za ukadaulo wa digito unanenanso mu 2025 kuti uyamba kugwiritsa ntchito LibreOffice. Apolisi a Gendarmerie ku France ndiye anayamba kale, OpenOffice (mnzake wa LibreOffice) mu 2005, kenako anadzipangira Ubuntu (mtundu wina wa Linux) yawoyawo yotchedwa GendBuntu, ndipo ili pa makompyuta oposa 70,000. Anthuwa si osauka ngati ife kuti mwina laisensi yawakanika kugula, chimene akudana nacho ndi choti kampani imodzi ya dziko lina ndiyo izinena mtengo, tsiku losinthira makina komanso kumene mafayilo a boma azigona.

Anzanga a IT ena akangomva Linux amathamangira kunena kuti "ndi yaulere bwana, tisevapo ndalama". Ine pamenepo sindivomereza kwenikweni. Taonani zimene zinachitika ku Munich. Mzindawu unagamula mu 2003 kuchoka pa Windows, moti Steve Ballmer, amene anali bwana wa Microsoft nthawi imeneyo, anachita kupita yekha kukanyengerera meya, koma sizinatheke. Anapanga Linux yawo, LiMux, ndipo pofika 2013 inali pa makompyuta pafupifupi 15,000. Zaka khumi zathunthu zimenezo, a German, anthu oti magetsi sawathimira! Kenako mu 2017 khonsolo inavota kuti abwerere ku Windows. Madandaulo anali oti mafayilo ochokera kumaofesi ena akumasokonekera ndipo mapulogalamu ena sakuyenda, ngakhale ena amati zinali ndale chabe, poti Microsoft inali itangosamutsira likulu lake la ku Germany mumzinda womwewo mu 2016. Kaya, aliyense aganize yekha. Koma chimene ndikuonapo ine ndi choti ndalama ya laisensi siisowa, imangosintha kolowera, imapita kwa anthu ophunzitsa anzawo, okonza zikavuta, olemba mapulogalamu. Ukapanda kuwalipira anthu amenewo ntchito yonse imagwa.

Ndipo kwa ife pamenepo ndiye pokoma. Laisensi timalipira mu madola, dziko loti forex ndi yosowa mpaka mafuta timachita kugonera pa filling station, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 bilu iliyonse ya madola inangofufuma tsiku limodzi. Pomwe mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza za makompyuta pa MUBAS pa Ginnery Corner apa amalipidwa makwacha, ndipo makwachawo akadyera ku Ndirande kapena ku Chilomoni konkuno. Panopa ambiri mwa ana amenewa akungoika Windows yakuba m'malaputopu a anthu, ija imalemba Activate Windows pakona mpaka mwini wake amazolowera osaionanso.

Musaganize kuti ndi zachilendo kuno. Achipatala anayamba kale mwakachetechete. Unduna wa zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala pa DHIS2, pulogalamu ya open source (yoti aliyense atha kuona mmene inalembedwera n'kuisintha) yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo Baobab Health inapanga makina aja odina pa sikirini olembera odwala, olembedwa ndi a Malawi, kuyambira pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngakhale foni ya Android ili m'thumba mwanuyo pansi pake ndi Linux, ndiye zoti "anthu athu sangaithe" ine ndimangoseka.

Kumbukiraninso kumayambiriro kwa 2024 pamene mapasipoti anasiya kutuluka kwa masabata ambirimbiri, mpaka a Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina alowedwa ndi akuba a pa intaneti. Sindikunena kuti Linux ikanaletsa zimenezo, nayonso amaithyola ngati simukuisamala. Koma anthu ambiri nthawi imeneyo ndi pomwe anayamba kufunsa kuti kodi makiyi a makina a boma amasunga ndani, ifeyo kapena kontilakita? Ukamakhala nyumba ya lendi ngakhale kukhoma msomali umayamba wapempha.

Ndikanakhala kuti ndili ndi mawu kumeneko sindikanayamba ndi kuchotsa Windows pa desiki ya mayi amene akhala akulemba pa Word zaka 20, mungangowadwalitsa BP. Ndikanayamba ndi ma tender a boma ogula mapulogalamu, pakhale lamulo loti kampani iliyonse yotipangira sisitimu izisiya source code (zolemba zenizeni zopangira pulogalamuyo) ndi mapasiwedi onse m'manja mwa boma, apo ayi kontilakiti palibe. Kenako masukulu. Ku Kerala ku India masukulu aboma akhala akuphunzitsa ana pa Linux kwa zaka zambiri, ndipo makompyuta aja Windows 11 yawakana atha kuyenda bwinobwino ndi mitundu ya Linux ngati Linux Mint kapena Lubuntu mu labu ya CDSS iliyonse, bola pakhale magetsi ndi mphunzitsi woti waphunzitsidwa zenizeni, osati workshop ya masiku awiri ku Mangochi yongokadyera ma allowance.