Kulemba Cholmondeley, kutchula "Cham-li"

Sabata yatha ndinachita manyazi m'kalasi. Tinkawerenga za atsamunda a ku Kenya, ndiye ndinafika pa dzina la Hugh Cholmondeley, uja ambiri amangomudziwa kuti Lord Delamere. Ine ndinaliwerenga mwachichewa, chilembo chilichonse ndi mawu ake: Cho-lo-mo-nde-leyi. Aphunzitsi anangomwetulira n'kunena kuti eni ake amati "Cham-li". Zilembo 12 zonsezo, pakamwa n'kungotuluka timawu tiwiri!

Zinandikhala mumtima, moti madzulo ake ndinayamba kufufuza.

Dzinali ndi la malo ena ku Cheshire, kumpoto chakumadzulo kwa England. M'buku la Domesday la mu 1086, limene mfumu William inalembetsa pofuna kudziwa chuma cha dziko lomwe inalanda mu 1066, malowa analembedwa kuti Calmundelei. M'Chingerezi chakale muli mawu awiri: Ceolmund, dzina la munthu, ndi leah, kutanthauza malo olambulidwa m'nkhalango. Apa m'pomwe ndinasangalala kwambiri, chifukwa n'zomwe timachita ifenso tikamati "kwa Chakuti". Munthu aswa mphanje, amanga, anthu n'kuyamba kutchula malowo ndi dzina lake. Mawu omwewa a leah ndi amene ali kumapeto kwa Bradley ndi Ashley, ndipo ine ndakhala ndikuwawerenga zaka zonsezi osadziwa kuti ndikutchula tchire lolambulidwa.

Kenaka zinatembenuka. Banja lomwe linali ndi malowo linatenga dzina la malo kukhala lawo, n'kumapatsira ana ndi adzukulu. Lilime la anthu linkafupikitsa dzinalo pang'onopang'ono, koma pa mapepala a malo ndi a cholowa zilembo zinatsala momwemo. Ndikuganiza kuti banja lolemera silikanalola kuchotsa chilembo pa dzina lomwe likugwira minda yawo.

Ndipo analemeradi. Mu 1815 mkulu wa banjali anapatsidwa udindo wa Marquess, umodzi mwa maudindo aulemu apamwamba ku Britain, ndipo kudzera mu ukwati banjali linalandira Houghton Hall ku Norfolk, nyumba yomwe anamangitsa Robert Walpole, amene amatengedwa ngati nduna yaikulu yoyamba ya Britain. Nthambi ina ndi ija inapita ku Kenya. Msewu wa ku Nairobi womwe unkatchedwa Delamere Avenue lero ndi Kenyatta Avenue.

Lolemba aphunzitsi anandilembera lina pa bolodi, Featherstonehaugh, n'kundiuza kuti ndiyesere. Ndinapempha kuti ndikayankhe Lachisanu.