Bougainvillea wathu wagwira mizu tsopano

Lero m'mawa ndinang'amba kachubu kamodzi mwa machubu amene tinabzalamo nthambi zodula za bougainvillea, duwa la minga lija, kuti ndione zomwe zikuchitika pansi, ndipo ndinapeza timizu toyera mbee tatuluka pamfundo yomalizira, tina tatalika kale ngati chala. Ndinathamangira kwa amayi a tcheya a kagulu kathu kobzala maluwa manja ali ndi mchenga womwewo. Tawerenga limodzi: mwa machubu 60, okwana 43 aphukira ndipo ukakoka kamtengo pang'ono kakukana kuzuka. Amene mwakhala mukutsata nkhani ya nazale yathu kuno ku Matawale, mu Zomba, mukudziwa kuti aka n'kachitatu kuyesa.

Ulendo woyamba, mu Juni, ndinadula nsonga zanthete, zobiriwira zija, poganiza kuti chanthete sichichedwa kuphuka. Sabata isanathe zonse zinali zitafota. Ulendo wachiwiri ndi umene unandidwalitsa mutu. Ndinasankha nthambi zokhwimirapo bwino, zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 20, mfundo zinayi, ndinachotsa masamba apansi, kudula ndi lezala yatsopano. Masabata awiri oyamba zinatulutsa timasamba mpaka tinayamba kuyamikirana. Kenako chimodzichimodzi kuyamba kuda kuchokera pansi. Ukazula, khungwa likungosupuka lokha, kafungo ka chinthu chowola kali guu, muzu ngakhale umodzi ayi. Timasamba tija tinali tikungodya chakudya chotsalira m'nthambimo.

Masiku anayi athunthu ndinalimbana ndi chiswe, poganiza kuti ndicho chikuwononga. Ndinathira phulusa mozungulira, ndinanyika masamba a nimu ndi deliya n'kumawaza madzi ake, ndinakweza machubu onse pathandala la nsungwi. Kuwola osasiya. Ndinakayikira lezala, ndinakayikira madzi apamjigo, mpaka mtengo umene tinadulako nthambi ndinauyang'ana ndi diso lina. Amene anandimasula ndi bambo wina wogulitsa mbande m'mphepete mwa msewu wopita ku Blantyre, amene ndimagulako machubu chifukwa ake ndi ochindikala, sang'ambika ukamatsendera dothi. Ndinawatengera kachubu kamodzi. Anangokafinya, madzi n'kuchucha, ndiye anati: "Mayi, apa mwaphika phala. Kamtengo kopanda mizu kamwa bwanji madzi onsewa?"

Vuto linali dothi langa lomwe ndimalinyadira lija, la kudambo losakaniza ndi manyowa a khola. Kwa mbande za mbawa ndi labwino kwambiri. Koma nthambi yodula, m'nyengo ya chiperoni, dzuwa osaoneka masiku atatu, ine ndikuthirira m'mawa ndi madzulo, dothi lotero silikha madzi ndipo bala lapansi lija limangovunda. Ulendo wachitatu, kumapeto kwa Ogasiti kutayamba kufunda, ndinagwiritsa mchenga wa ku Likangala magawo atatu, dothi gawo limodzi, manyowa osaikamo ngakhale pang'ono. Ndinaboola machubu mabowo owonjezera m'mbali. Nthambi ndinaziyamba ndaziika pamthunzi kuti bala liume pang'ono, n'kupaka utomoni wa aloe vera, ngakhale ine ndikuona kuti chagwira ntchito kwenikweni ndi mchengawo. Kuthirira kokha ndiye kunandivuta kudziletsa: ndimapisa chala, mchenga ukakhala wonyowa keni ndimaibweza. Masabata 7 ndi amenewa.

Mwina wina angafunse kuti chovutikira chonchi n'chiyani pomwe mbande zogula zilipo. Kagulu kathu tilipo 14, timasonkha K1,000 pamwezi, ndipo mpanda umene tikufuna kuuveka ndi wautali. Komanso mtengo umene tadulako nthambiwu uli ndi mbiri. Anaubzala ndi agogo amene anayambitsa kaguluka zaka 8 zapitazo, mphunzitsi wopuma, pamalo pamene panali mtaya wa zinyalala pamphambano. Ankati iwo anakula Zomba ili likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo sankamvetsa kuti tauni yokhala ndi munda wa maluwa wakale chotere ana ake azidutsa pamajumbo ndi matewera popita kusukulu. Ndiwo anatitengera koyamba ku Botanical Gardens, kutsetsereka ndi mtsinje wa Mulunguzi, akutifotokozera kuti mundawo anauyamba Alexander Whyte mu 1891, ndi kuti dzina lake lili m'dzina lasayansi la mkungudza wa ku Mulanje. Tinabwerako tili ndi njala ya maluwa. Loweruka lotsatira tinatuta mawilibala a zinyalala tsiku lonse.

Chaka choyamba mbuzi zinatha chilichonse kupatula bougainvillea ameneyu, minga inamuteteza. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola mabedi onse akumunsi, miyala yomwe tinapaka laimu tinakaitola kutsidya kwa ngalande. Pambuyo pake ndi pomwe tinabzala vetiva m'mizere yopingasa, ndipo kunena zoona imeneyo ndi ntchito yabwino kuposa zonse zomwe tagwirapo, ngakhale odutsa saiyamikira poti ndi udzu. Agogo aja anatisiya chaka chatha. Mtengo wawo panopa wafiira psuu, kupikisana ndi jakaranda wa kutsidya kwa msewu amene wayala kapeti yake pansi, ndipo ana asukulu amakhala pamthunzi pamenepo podikira anzawo.

Chondidetsa nkhawa tsopano ndi kuwokera. Mizu ya bougainvillea ndi yosachedwa kuthothoka, ndipo mchenga sugwirana ngati dothi, ukang'amba chubu umangoti waa. Ndikuganiza zoyamba ndawasamutsira m'machubu akuluakulu a dothi losakaniza, akhalemo mpaka mvula itakhazikika, kuti tidzawokere limodzi ndi mbawa zathu nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala. Mayenje tisathiremo manyowa ambiri, paja ameneyu ukamudyetsa kwambiri amangochita masamba, maluwa osabwera. Achimwene ena m'gulu akuti tiwokere mwachindunji tisawavutitse kawiri. Sitinagwirizanebe, tikambirana Loweruka.

Zikatheka, chaka chamawa ndikufuna machubu 300, tiveke msewu wonse mpaka kumsika, mbali zonse ziwiri. Ndipo pali mtengo umodzi umene ndausunga padera, woongoka bwino, woti ndidzayese kumezanitsapo woyera, wa olenji ndi wofiira pathunthu limodzi. Amene muli ndi woyera kufupi ndi Zomba kuno, ndisungireni nthambi zisanu zokhwima, ine ndibweretsa vetiva.