Ulendo wa kuchigwa cha Chilwa kukaona mjigo wodwala

Tinanyamuka m'tauni ya Zomba phiri lidakali ndi nkhungu. Tinalipo asanu a m'kalabu yathu, kuphatikizapo makaniko wa mijigo amene tinamutengera ku Matawale. Kalabu yathu si yaikulu ayi. Muli aphunzitsi, anamwino, ogulitsa m'misika ndi ena opuma pantchito, ndipo timasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi. Chaka chatha ndalamazo tinakonzera mjigo wakale m'mudzi wina wa kwa T/A Mwambo, umene unakhala zaka uli chete, udzu utamera mpaka pa simenti. Tsono uthenga unabwera pa foni kuti mjigo uja wayambanso kuvuta, munthu akumajiga mpaka mkono kuwawa madzi asanatuluke.

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, phiri linatsalira kumbuyo ndipo dziko linayamba kuyalana. Tinkakumana ndi njinga zonyamula madengu a matemba kuchokera ku Kachulu, zina matumba a mpunga. Ndinatembenuka kangapo kuyang'ana phirilo. Pamwamba pake pali damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi amene ife a m'tauni timangotsekula mpopi n'kumwa. Mtsinje wa Mulunguzi ukatsika umakathira mu Likangala, ndipo Likangalayo amadutsa m'tauni mwathu, kusenza zonse zimene timataya, n'kupita nazo kumunsi mpaka ku nyanja ya Chilwa. Anthu amene tinkapita kukawaonawo amakhala kumunsiko. Mjigo ukafa, ambiri amabwerera ku zitsime za m'dambo ndi kumtsinje womwewo. Zimenezi zimandivutitsa mumtima, chifukwa ifenso tili m'gulu la odetsa madzi amene mwana wa kumeneko amamwa.

Tinafika cha m'ma 9 koloko. Pamjigo tinapeza mzere wa ndowa ndi zigubu zachikasu, eni ake atakhala pansi pa mtengo wa mango, ena akupeta mpunga kuti nthawi isangopita chabe. Tinayamba takalonjera kwa a mfumu monga mwa mwambo. Iwo anatiyalira mphasa, natifunsa za kumene tachokera, kenaka anati, "Nkhani ya mjigo eni ake ndi amayiwa. Ine ndingokuperekezani."

Msungichuma wa komiti ya mjigo ndi mayi wachikulire ndithu, wolankhula motsitsa. Anatulutsa kope la ana a sukulu lokutidwa ndi pulasitiki ya shuga. M'menemo munali maina a mabanja onse otunga pamjigopo, ndipo kutsogolo kwa dzina lililonse kunali timizere ta miyezi imene banjalo lasonkha. Maina ena anali ndi kamtanda. Ndinafunsa tanthauzo lake.

"Amenewo ndi agogo okalamba ndi ana amasiye, bambo," anatero. "Sitiwalipiritsa. Koma tsiku losesa pamjigo amabwera."

Ndinaona kuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mizere inali yochepa kwambiri, ndipo sindinafunse chifukwa. Aliyense wokulira kumudzi amaidziwa miyezi imeneyo, nkhokwe zikakhala zopanda kanthu.

Makaniko anavula shati lake labwino n'kuitana amayi atatu ndi anyamata awiri a m'komiti. Mjigowu ndi wa mtundu wa Afridev, umene uli pafupifupi paliponse m'midzi ya m'Malawi muno. Ambiri sadziwa kuti chiyambi chake chili konkuno, m'zaka za m'ma 1980, pamene akatswiri ankafuna pampu yoti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha popanda kudikira galimoto ya ku boma. Ndipo ndinadzionera ndekha kuti ndi zoona. Sipanala imodzi yokha inakwanira kumasula chivindikiro ndi mkono wa mjigo. Kenaka anayamba kusolola ndodo zachitsulo, imodzi imodzi, chifukwa zimangokolana ngati mbedza. Ankaziyala pa thabwa kuti zisakhudze dothi, ndipo mayi mmodzi ankaziwerenga mokweza.

Itatuluka yomaliza, makaniko anatisonyeza matenda ake. Kanali kalabala kakuda kozungulira, kochepa moti n'kukwana m'chikhatho cha mwana, katadyeka mbali imodzi. Kalabala kameneko ndi kamene kamagwira madzi m'paipi kuti akwere. Ndinakatenga n'kukatembenuzatembenuza m'manja. Mudzi wonse unali utatha masabata akudzuka tambala woyamba kukaima pamzere chifukwa cha kanthu kameneka. Ndalama yogulira kena inalimo m'thumba la komiti, koma ku magolosale apafupi sikankapezeka, ndipo ndalama ya kabaza wopita kutauni ndi kubwerera ikanaposa mtengo wa kalabalako.

Makaniko sanaike yekha katsopano. Anapatsa mayi wina wachitsikana, mwana ali kumbuyo, nati, "Achemwali, ikani ndinu. Mawa ine kulibe." Manja ake ankanjenjemera poyamba, koma kanalowa. Anasinthanso mabushi a pulasitiki a pamkono, amene anali atayamba kulira. Atabwezera zonse m'malo mwake, mnyamata anajiga kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, madzi n'kutuluka mwamphamvu. Nthungululu zinamveka mpaka kuseri kwa nyumba za kutali. Madzi oyamba anali ofiirira, tinawasiya apite m'ngalande, kenaka anayera.

Pambuyo pake agogo ena aakazi anandigwira dzanja kuti ndikaone china. Tinayenda kanthawi kulowera kunyanja, mpaka pa mjigo wina wooneka watsopano kuposa wathu uja. Panalibe ndowa ngakhale imodzi. Anajiga n'kundipatsa m'chikho. Ndinalawa n'kulavula. Anali amchere.

"Mwanawanga, awa ngakhale nyemba sizipsa," anatero agogowo. "Sopo sachita thovu. Okumbawo anabwera ndi makina awo, sanafunse munthu. Ife tikanawauza kuti kuno kunsi n'kwamchere."

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere, ndipo m'malo ena a chigwachi mcherewo uli ngakhale m'madzi a pansi pa nthaka. Agogowo anakumbukira chaka cha 1995 pamene nyanja inaphwa anthu n'kumayenda pansi pouma, komanso 1968 ali mtsikana. Munthu woidziwa nthaka yake chotere sanafunsidwe. Ndinakwiya nazo, ndipo ndinauza anzanga kuti ifenso tisadzathire ndalama pa malo amene agogo a m'mudzimo sanawaloze.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anafika pa njinga masana, ndipo tinamupatsa klorini amene tinabweretsa kuti azigawa. Analankhula mwachidule kwa amayi za kutsuka zigubu ndi kuvindikira mitsuko, poti madzi abwino a pamjigo amakaipira kunyumba. Palibe amene ankacheza pamene iye ankalankhula. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sinaiwalike, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa zimbudzi zambiri n'kusefukiritsa zitsime. Kufupi ndi nyanja kumene asodzi amagona m'zimbowera, tizisakasa toyandama pamadzi, matendawa sachedwa kufika.

Tinadya nsima ya matemba othira tomato kwa a mfumu. Tisananyamuke tinasiyira msungichuma malabala ena anayi ndi mabushi, ndipo iye anazilemba m'kope muja pamaso pa onse, n'kuzimanga m'kansalu. Tinagwirizana ndi makaniko kuti tikambirane ndi wa golosale ya pamsika wapafupi kuti azisunga zipangizozi, kalabu iyambe ndi kumugulira katundu woyamba. Pobwerera phiri la Zomba linali kutsogolo kwathu, ndipo kalabala kodyeka kaja kanali m'thumba mwanga, kuti ndikakaonetse pamsonkhano wa Lachisanu.